Jasten Kapalamula ndi Kachipinda ka Makatoni

Jasten Kapalamula ndi wa ku Ntcheu, chakumapiri kufupi ndi malire, ndipo chaka chino akukwanitsa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri. Ndi munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, wovala malaya ositidwa ngakhale tsiku lopuma. Ndinamudziwa ku mapemphero amene Amalawi ochepa timachita Lamlungu masana m'nyumba ya mnzathu ku Al Qusais, kuno ku Dubai. Iye ndi amene amakonza chokuzira mawu chikayamba kulira. Zimene ndalemba pano anandiuza yekha, pang'onopang'ono, pa masabata angapo. Zina ndinamva kwa mayi wina amene anali pomwepo, ndipo zina ndinaziona pa kavidiyo kamene ndimalakalaka ndikanapanda kukaona.

Anaphunzira za magetsi ku Blantyre, nayamba ntchito pa kashopu ka intaneti ku Limbe, kumene ntchito yake yeniyeni inali kupukuta fumbi m'makompyuta ndi kuthandiza anthu oiwala mawu achinsinsi. Kenako banki ina inamulemba m'chipinda cha maseva, makompyuta akuluakulu aja amene amasunga zonse za kampani ndipo sazimitsidwa. Kumeneko ndi kumene anaphunzira luso limene pachingerezi amati virtualization. Mwachidule, seva imodzi yamphamvu amaigawa kuti izikhala ngati makompyuta ambirimbiri, iliyonse ndi ntchito yake, ngakhale palibe imene ungaikhudze ndi dzanja. Makompyuta osaonekawo amawatcha mavi-emu. Munthu wodziwa amatha kuwasamutsa kuchoka mu seva ina kupita mu ina, anthu akugwirabe ntchito osadziwa kanthu. Jasten anali wodziwa.

Anabwera ku Dubai mu 2019, atasiya mkazi wake Edinah ndi ana aakazi awiri ku Lunzu. Amakhala ku International City m'chipinda cha anthu anayi, ndipo m'mawa uliwonse amakwera basi asanapeze sitima ya Metro. Kwa zaka zitatu zapitazi ankagwira ntchito pa kakampani ka mzungu wina dzina lake Nick, kamene kanali ndi maofesi awiri pamwamba pa nyumba yosungira katundu ku Al Quoz. Kampaniyo inkagulitsa pulogalamu imodzi yokha. Lonjezo lake linali lakuti seva ikafa mwadzidzidzi, pulogalamuyo isamutsa mavi-emu onse kupita ku seva ina pasanathe masekondi makumi atatu, popanda munthu kukhudza chilichonse. Pulogalamuyo inkaterodi kawiri pa kasanu. Katatu konseko inkakakamira panjira, ndipo pankafunika munthu woona pamene yakakamira, woidziwa kuti iyamba kudzutsa vi-emu iti, woikankha ndi manja. Makasitomala akaimba foni ali mwakalavulagaga, Jasten ndi amene ankalowa mwakachetechete ndi kukonza, Nick nkuwauza kuti pulogalamu yadzikonza yokha.

Nick sankatukwana munthu. Vuto lake linali kuyamikira. Aliyense kwa iye anali ngwazi: wobweretsa khofi, wokonza zikepe, Jasten. Mawuwo ankawamwaza ngati madzi otsukira mbale, ndipo patapita miyezi yochepa Jasten anazindikira kuti akamva kuti ndi ngwazi, ndiye kuti pakubwera ntchito imene munthu sangainene kutchalitchi.

Kontirakiti yake inatsala ndi miyezi iwiri. Kuno ntchito ikatha, viza imatsatira, ndiye munthu sasiya ntchito asanagwire ina. Jasten sankafuna kusainanso. Ankafuna malo amodzi, chipatala kapena sukulu kapena kampani ya ndege, kumene angasamale maseva enieni nkumadziwika kuti ndi iye akusamala. Anali atatumiza makalata ambiri pa intaneti osayankhidwa. Choncho Nick atanena kuti kampani ikakhala ndi sitandi, malo oonetsera malonda ake, pa msonkhano waukulu wa anthu a ntchito imeneyi, wa masiku awiri, ndipo Jasten apita nawo, iye anaona kuti mwayi wake ndi umenewo. Mabwana onse olemba anthu ntchito adzakhala m'holo imodzi. Anakasindikiza timakhadi ta dzina lake ndi nambala yake, anakonza pepala la mbiri ya ntchito zake, nagula tayi yakuda.

Holoyo inali pafupi ndi msewu wa Sheikh Zayed, yozizira ngati mosungira nyama. Pakhomo anamupatsa baji yopachika m'khosi, yotuwa. Mabaji a olankhula pamsonkhano anali agolide, a mabwana ogula zinthu anali ofiira, ndipo otuwawo anali a antchito a pamasitandi. Anazindikira msanga kuti m'holomo munthu sayang'anidwa kumaso. Maso amayamba pachifuwa, kuwerenga mtundu wa baji ndi udindo, kenako amakwera kumaso ngati bajiyo yalola. Kwa iye maso sankakwera. Tayi nayo inamuika m'mavuto, chifukwa akatswiri onse anali atavala masikipa ndi nsapato zothamangira, ndipo ovala tayi yakuda anali operekera zakumwa okha. Asanafike pa sitandi ya kampani yake, anthu awiri anali atamufunsa kumene kuli chimbudzi, wachitatu nkumupatsa kapu yomwera kale.

Sitandiyo inali yokongola. Panali kabati yagalasi yokhala ndi maseva awiri, sikirini yaikulu pamwamba pake, ndi mtsikana wa ku Philippines dzina lake Cindy, wolembedwa masiku awiri okha kuti azimwetulira ndi kujambula mabaji a alendo ndi kamakina konga ka mu supamaketi. Kuseri kwa khoma la sitandi kunali kachipinda kosungira makatoni, kotalika ngati bedi la mwana, kopanda windo. Nick anatsegula chitseko chake, namuonetsa Jasten kampando ndi laputopu yolumikizidwa kale ku maseva aja.

"Mlendo akazula waya, iwe ukhale tcheru," anatero Nick m'chingerezi chake chothamanga. "Ikayenda yokha, chabwino. Ikakakamira, ukudziwa chochita. Palibe amene amatha zimenezi ngati iwe. Ndiwe ngwazi."

Jasten anafunsa ngati adzakhala ndi nthawi yoyenda m'holomo nkucheza ndi anthu. Nick anati inde, pa nkhomaliro, mphindi makumi awiri. Kenako anatseka chitseko.

Pano ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa ena atamva nkhaniyi akhala akumukweza Jasten kuposa muyeso. Iye sanakane. Anakhala pampandopo, naika laputopu pamiyendo, nagwira ntchito. Nick ankaitana wodutsa aliyense wa baji yofiira, nkumupempha kuti azule yekha waya wa magetsi wa seva yakumanzere. Sikirini inkafiira, wotchi nkuyamba kuwerenga masekondi, ndipo isanafike makumi atatu zonse zinkabiriwira, anthu nkuwomba m'manja. Khomalo linali lopyapyala moti Jasten ankamva mawu onse. Ankamumva Nick akunena kuti taonani, palibe dzanja la munthu apa, nthawi yomweyo zala zake zikuthamanga. Tsiku loyamba waya unazulidwa kakhumi ndi kasanu ndi kamodzi. Pulogalamu inayenda yokha kasanu.

Pofika masana kachipindako kanali katasanduka dzala. Chilichonse chosayenera kuoneka pa sitandi chinkaponyedwa mmenemo: makapu a khofi wotsala, timabokosi ta mpunga wa biriyani todyedwa theka, jekete la Nick lonyowa kukhwapa, nsapato zazitali za Cindy pamene mapazi anamupweteka. Nick ankangotsegula chitseko pang'ono nkuponya, osayang'ana kuti zagwera pati. Kabokosi kena kanatsegukira pa nsapato za Jasten. Mpweya wozizira wa m'holo sunkafikako, ndipo fungo la mafuta ozizira ndi thukuta la munthu wina linamulowa m'malaya.

Pa nkhomaliro anatuluka ndi timakhadi take m'thumba. Chakudya chinali chochuluka mochititsa manyazi, koma mipando panalibe. Anthu ankadya ataimirira pa timatebulo titalititali, mbale kudzanja lina, foni kudzanja lina, akulankhula chakudya chili m'kamwa, maso akusuzumira paphewa pa amene akulankhula naye kufuna wina wofunika kuposa. Mbale zinkasiyidwa nyama italumidwa kamodzi. Jasten anayesa magulu atatu. Ankafika, kupereka moni, kudikira kuti afunsidwe za kumene wachokera, koma anthuwo ankayang'ana bajiyo nkupitiriza nkhani zawo. Mnyamata wina wa ndevu zometedwa bwino analandira khadi lake, nati ndasangalala kwambiri, kenako naligwiritsa ntchito kuchotsa nyama m'mano akulankhula ndi wina.

Anapita pakona, natumiza uthenga wa mawu kwa Edinah wonena kuti msonkhano ukuyenda bwino ndipo akukumana ndi anthu ambiri. Atangomaliza, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Imwe atate, ndimwe a kwathu?"

Anali mayi wa zaka za m'ma makumi asanu, wonenepa bwino, wa magalasi opachika pa chingwe, baji yake yofiira. Anati dzina lawo ndi Matildah Sakala, kwawo ndi ku Chipata, ndipo akhala kuno zaka khumi ndi zinayi. Anamuyang'ana kumaso. Anamufunsa za kumudzi, za mkazi, za ana, ngati mvula inagwa bwino ku Ntcheu, ndipo atamva kuti sanadye anamukokera ku tebulo nkumuthirira okha mpunga. Anadya limodzi, akuseka za anthu odya choimirira ngati ng'ombe. Pambuyo pake ndi pamene anafika pa za ntchito. Mayi Sakala ankayang'anira makompyuta a timazipatala tisanu ta kampani ina. Anati chaka chatha seva inawafera masana, madokotala nkukhala maola awiri osaona mbiri ya odwala kapena mankhwala amene munthu sayenera kupatsidwa, ndipo abwera kudzafuna pulogalamu yoti zimenezo zisachitikenso. Anati akufunanso injiniya mmodzi, chifukwa amene anali naye wabwerera kwawo.

Anamufunsa mafunso atatu kapena anayi a ntchito, ovuta ndithu, ndipo Jasten anayankha osazengereza. Mayiwo anagwedeza mutu, nafunsa kumene amagwira. Iye anatchula kampani ndi nambala ya sitandi. Za kachipinda sananene.

"Manje mailo nibwera," anatero mayi Sakala, kunena za mawa lake. "Nione pulogalamu yanu, na pepala lanu mubweretse, ba Jasten."

M'basi yobwerera ku International City anaganiza za nkhaniyi njira yonse. Anandiuza kuti ankadziwa bwino lomwe kuti pulogalamuyo ikaikidwa m'chipatala, tsiku lina idzakakamira, ndipo iye sadzakhala kuseri kwa khoma. Ankadziwanso kuti akaulula, Nick amuchotsa tsiku lomwelo, ndipo mayiwo angadabwe kuti munthu wotere ankatani zaka zitatu zonsezi. Chimene anasankha chinali chapakati, chimene ambiri a ife tikanasankha. Adzakhala chete m'kachipinda mayiwo akadzabwera, adzawapeza pa nkhomaliro ndi pepala lake, ndipo akadzalembedwa ntchito ndi pamene adzawanong'oneze kuti asagule. Anadziuza kuti kugula zinthu zotere kumatenga miyezi.

Mayi Sakala anafika cha m'ma leveni koloko tsiku lachiwiri, ali ndi anzawo awiri a kuntchito, bambo wa ku India ndi mayi wa ku Jordan. Jasten anawamva akufunsa za iye. Anamumva Nick akuyankha mosavutika kuti Jasten wathamangira ku ofesi, abwera masana, koma ndi ngwazi ya munthu. Kenako chionetsero chinayamba. Mayiwo anazula waya, pulogalamu inakakamira pa vi-emu yachitatu, Jasten anaikankha, sikirini inabiriwira pa masekondi makumi awiri ndi awiri. Anzawo aja anasangalala.

Mayi Sakala anandiuza kuti iwo sanayang'ane sikirini. Zaka zonsezi akhala m'zipinda za maseva, ndipo khutu lawo limadziwa kulira kwa kiyibodi ngakhale pakati pa phokoso. Wayawo utangozuka, kuseri kwa khoma kunayamba kugogoda ngati matalala pa malata, sikirini itabiriwira nkusiya. Anapempha kuti azulenso. Nick anati palibe vuto, zulani kakhumi mukafuna. Anadikira kuti maseva akhazikike, nazulanso. Kugogoda kuja kunayambiranso.

Akanatha kungokankha chitsekocho, chifukwa chinalibe loko. Sanatero. Anazungulira kabati yagalasi, naima patsogolo pa chitseko, manja atawaphatikiza, nalankhula ndi mawu a munthu amene wafika pakhomo pa eni ake.

"Odi kuno."

"Odini, mayi," anayankha Jasten.

Anandiuza kuti sanaganize chilichonse. Mawuwo anatuluka okha, ndipo thupi linatsatira. Anaika laputopu pa katoni, naimirira, chifukwa munthu wamkulu sumulandira utakhala, natsegula chitseko, napereka dzanja lamanja lamanzere litagwira pamkono. Makapu awiri a khofi anagubuduka kutuluka naye limodzi, ndipo fungo lonse la masiku awiri linatulukira pa sitandi. Pamwamba pawo sikirini inali yofiira. Wotchi inadutsa makumi atatu, inadutsa makumi asanu ndi limodzi, inafika pa zana, pulogalamu ili chikakamirire pa vi-emu yachitatu yomwe ija. Anthu pafupifupi makumi awiri anali ataima pamenepo.

Jasten ankayembekezera mkwiyo, ndipo akuti akanaulandira. Ankaganiza kuti wina akuwa, okonza msonkhano abwera, Nick achita manyazi. Chimene chinachitika ndi kuseka. Munthu mmodzi anayamba, ena nkutsatira, mafoni nkukwera m'mwamba. Nick anafiira kwa masekondi ochepa chabe, kenako anaseka kuposa onse, namukoleka Jasten dzanja paphewa, nauza gululo kuti taonani chinsinsi chathu, nzeru za makina ndi nzeru za munthu pamodzi, ndipo kasitomala aliyense amalandira zonse ziwiri. Ena anawomba m'manja. Bambo wina anapempha kujambulitsa naye. Pa kavidiyo kaja Jasten akuoneka ataima chilili, tayi itapendekeka, njere za mpunga zili pa nsapato, akuyang'ana pansi, dzanja la Nick likumusisita pamsana. Mayi Sakala ndi anzawo sakuonekapo. Anali atachoka.

Masana onsewo sanafunikenso kubisala, ndipo kwa nthawi yoyamba anthu a ntchito yake anamuyang'ana kumaso. Ankamuimitsa m'njira. Pa chakumwa chotsekera msonkhano, cha m'ma faifi koloko, anamuzungulira ngati mnzawo wakalekale, aliyense akufuna kuulula zake. Wina anati kwawo sikirini yonse imakhala vidiyo yojambulidwa kale, waya umene mlendo amazula sulumikizidwa kulikonse. Wina anati iwo munthu wawo amakhala ku Bangalore, ku India, ndipo vuto limangokhala intaneti ikachedwa. Ankanena zimenezi akutafuna, akumenyana pamapewa, anthu a mabaji ofiira ali pomwepo akuseka nawo. Jasten anasiya kapu ya madzi a malalanje osaimaliza.

Kenako kunabwera bambo wina wonunkhira mafuta okwera mtengo, dzina lake Sameer, wa kampani ya sitandi yaikulu pafupi ndi khomo. Anamukokera pambali namuika khadi m'thumba la malaya ndi dzanja lake.

"Habibi, mnzanga, tsiku ndi theka palibe anadziwa," anatero. "Wathu anagwidwa chaka chatha tsiku loyamba, ankatsokomola. Tili ndi misonkhano isanu ndi umodzi chaka chamawa, Riyadh, Doha, konse. Chipinda chathu chili ndi fani. Yalla, usachedwe, undiimbire."

Jasten anawapeza mayi Sakala panja pa holo, atakhala pa benchi pafupi ndi zipinda zopemphereramo, atavula nsapato imodzi. Anaima patali pang'ono mpaka anamuuza kuti akhale. Anapepesa. Mayiwo anati sanabwere kudzapepesedwa, koma ali ndi funso limodzi.

"Nikanapanda kuodira, mukananileka nigule?"

Jasten anafotokoza za maganizo ake a m'basi, kuti akanawauza pambuyo pake, atalembedwa ntchito. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto. Anafunsa kuti nanga akanapanda kulembedwa. Iye anati sakudziwa.

"Ndiye vuto ni yamene iyo," anatero. "Manja muli nayo, ba Jasten. Masekondi twente-thu, ine siningakwanitse. Koma kuja kuli odwala. Nifuna munthu wamene zikavuta akamba, osati wamene ayembekeza kuti wina aodire."

Iye anali atatulutsa kale pepala lake la ntchito m'chikwama. Mayiwo analiyang'ana, osalilandira. Anati anzawo awiri aja anaona zonse, ndipo sangapite kukawauza kuti munthu wa m'kachipinda uja ndi amene amupatse makiyi a maseva a zipatala zisanu chifukwa choti ndi wa kwawo. Anavala nsapato, namufunsa dzina la mwana wake wamkulu, nati amupatse moni Edinah. Nambala yawo anamupatsa, nanena kuti ndi ya pachibale, osati ya ntchito.

Mawa lake ku ofesi Nick sanamuchotse. Anali wosangalala, chifukwa kavidiyo kaja kanali katayenda ndipo dzina la kampani linamveka kuposa kale. Anamuikira kontirakiti yatsopano patebulo, nanena mwanthabwala kuti ulendo wina adzamugulira zotseka m'makutu. Jasten anapempha nthawi yoganiza. Anaganiza masabata atatu, ndipo sindibisa kuti khadi la Sameer analisunga nthawi yonseyo, analiyang'ana kangapo, ndipo tsiku lina anayamba kuimba nambalayo nkuidula isanalire. Edinah atamva zonse sanamuuze chochita. Anangofunsa ngati ku Riyadh nakonso akakhala m'makatoni.

Sanasaine kwa Nick, ndipo sanamuimbire Sameer. Ntchito imene ankaifuna sanaipeze. Kumakampani awiri kumene anaitanidwa, ofunsa mafunso anamuzindikira asanakhale pansi, wina nkumupempha kuti anenenso mawu aja anayankha pa chitseko. Kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti kontirakiti ithe, anagwirizana ndi kampani ina yogulitsa zipangizo za magalimoto ku Al Quoz komweko. Ali ndi maseva awiri akale opanda vi-emu ngakhale imodzi. Ntchito yake yambiri ndi mapirinta okana kusindikiza ndi mawaya odyedwa ndi makoswe m'nyumba yosungira katundu. Luso limene analiphunzira zaka khumi saligwiritsa ntchito. Viza ili bwino.

Patapita miyezi inayi anamva kwa mnzake kuti zipatala za mayi Sakala zatsala pang'ono kugula pulogalamu ya kampani ya Sameer. Tsiku limenelo anali atakwera makwerero, akulowetsa waya kudenga. Anatsika, anapukuta manja, nawalembera uthenga wautali. Anafotokoza zimene Sameer anamuuza, za munthu wotsokomola ndi za chipinda cha fani, nawapempha kuti asakhulupirire chionetsero chilichonse, koma aumirire kuti pulogalamuyo iyesedwe pa maseva awo, waya wa intaneti utazulidwa, m'chipinda muli iwo okha. Palibe anamufunsa, ndipo sankayembekezera kanthu.

Yankho linabwera madzulo, ali pa siteji ya basi. Mayi Sakala anathokoza. Anati iwo ankakayikira kale ndipo anapempha kuyesa kotereko, koma akuluakulu a kampani anali atadya kale nkhomaliro ndi Sameer kawiri, ndipo mapepala anasainidwa Lachinayi. Anati tsopano akulemba malangizo a zimene manesi azichita pamanja tsiku limene pulogalamuyo idzakakamire, ndipo ngati Jasten ali ndi nthawi Loweruka, angakonde kuti awauze malo amene mapulogalamu otere amakonda kukakamira. Ananenetsa kuti si ntchito, malo a injiniya anadzaza kale, koma tiyi adzagula iwo.

Jasten anapita. Anakhala maola atatu m'kalesitilanti ka ku Al Qusais, iye akulankhula, mayiwo akulemba m'kope.